Mtsinje Wosefukira Popanda Mvula

Kwathu kuno mtsinje ukadzaza munthu safunsa chifukwa. Amangoyang'ana kumtunda, naona mitambo yabii, nadziwa kuti kumapiri kwagwa mvula. Mvula ndi mtsinje zimayendera limodzi monga mayi ndi mwana wa kumsana: ikagwa lero, mawa mlatho wamira, ikakata mu Epulo, pofika Okutobala ana akusewera pamchenga pakati pa mtsinje. Koma kuli maiko ena kumene nzeru imeneyi ingathe kumusokeretsa munthu. Kumeneko mtsinje umaphwa m'miyezi yomwe kumwamba kukugwetsa zambiri, ndipo umadzasefukira patapita miyezi inayi kapena isanu, kunja kuli ngwee, popanda ndi dontho lomwe la mvula.

Chochititsa zimenezi ndi chipale chofewa. Tisachisokoneze ndi matalala, amene amagwa ngati miyala m'mvula ya mabingu n'kusungunuka tisanathe kuwatola. Tisachisokonezenso ndi chisanu chija chimayeretsa udzu m'mamawa ku Nyika mwezi wa Juni. Chipale chofewa ndi nthunzi ya madzi imene yaundana ikadali m'mitambo, n'kumatsika pang'onopang'ono ngati thonje louluka ndi mphepo. Chikafika pansi sichiyenda. Chimakhala pomwepo, china n'kudzagwa pamwamba pake, mpaka phiri lonse litafunda choyera. Mfundo yanga lero, awerengi, ndi yakuti chuma cha maiko ozizira chagona pa kuchedwa kwa madzi ogwa kumwamba kufika mumtsinje kuposa pa kuchuluka kwake, ndi kuti anthu a kumeneko adazolowera kulandira kuchedwa kumeneku kwaulere kotero kuti ambiri adaiwala kuti kungathe kutha.

Chipale chongogwa kumene ndi chonyenga maso. Mbali yaikulu ya icho ndi mpweya wokhawokha, motero mukasungunula chipale chakuya masentimita 10 mumapeza madzi akuya pafupifupi sentimita imodzi basi. Koma chikakhalitsa chimatsendereka ndi kulemera kwake komwe, monga umachitira ufa m'thumba, ndipo pofika kumapeto kwa nyengo yozizira gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina theka lathunthu, limakhala madzi. Phiri lokhala ndi chipale chotere chakuya mamita awiri lasenza dziwe lakuya pafupifupi mita imodzi, dziwe lopanda khoma, lopachikika pamalo otsetsereka pamene madzi wamba sakadaima ngakhale mphindi imodzi. Imeneyi ndi nkhokwe, ndipo palibe adaimanga. Akatswiri amawerengera kuti anthu oposa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a anthu onse a padziko lapansi amadalira madzi ochokera ku chipale ndi madzi oundana a m'mapiri. Ife chotithandiza kumvetsa ndi nyanja yathu, imene imalandira mvula kuyambira Disembala, n'kufika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi mvula ikutha, n'kumadyetsa Shire mpaka chilimwe chonse. Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja ili ndi khomo limodzi lodziwika, pamene khomo la chipale ndi dzuwa ndi mphepo.

Nanga n'chifukwa chiyani chipale sichisungunuka tsiku loyamba lofunda? Choyamba ndi kuyera kwake. Aliyense wovala malaya akuda mu Okutobala amadziwa kuti chakuda chimamwa dzuwa pamene choyera chimalibweza. Chipale chatsopano chimabweza magawo 80 mpaka 90 pa magawo 100 aliwonse a kuwala kwa dzuwa. Chikakalamba, fumbi ndi mwaye ndi tizidutswa ta masamba zitagwerapo, chimangobweza pafupifupi theka, ndipo pamenepo kusungunuka kumafulumira. Pakangooneka kachigamba ka nthaka yakuda, nthakayo imatentha n'kuyamba kudya chipale cha m'mbali mwake, ndipo chigambacho chimakula tsiku ndi tsiku monga chibowo cha pa nsalu yakale.

Chachiwiri ndi chimene ana anga a Folomu 3 amakana kukhulupirira mpaka titayesa ndi sufuriya pambaula. Kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi oundana kukhala madzi ozizira, osawatenthetsa n'komwe, kumafuna moto wofanana ndi wotenthetsera kilogalamu ya madziwo kuchoka pa digiri 0 kufika pa madigiri 80. Tsono dzuwa limagwira ntchito masabata angapo popanda chooneka. Limayamba lafunditsa mulu wonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kufika pa digiri 0. Madzi oyamba kusungunuka pamwamba amalowa m'kati n'kukaundananso usiku. Kenaka chipale chimayamba kusunga madzi m'timipata take monga chinkhupule, ndipo chikakhuta m'pamene chimayamba kutulutsa. Akatswiri amati pamenepo chipale chapsa, monga timanenera za chipatso. Apa m'pamene pagona ngozi. Munthu woyang'ana phiri amaliona loyera chimodzimodzi dzulo ndi lero, osadziwa kuti dzulo linali kumwa kutentha konse koma lero kutentha kulikonse kukusanduka madzi otsikira kuchigwa.

Chipale chikapsa, mtsinje umayamba kupuma ngati chamoyo. Kumapiri kumasungunuka kwambiri masana, koma madziwo amatenga maola kuti adutse m'chipale, alowe m'timakwawa, afike kumunsi. Motero mtsinje umene munthu adawoloka m'mamawa madzi ali m'mawondo ungathe kumukokolola madzulo kapena pakati pa usiku. Ndipo phiri silisungunuka lonse nthawi imodzi. M'munsi mumayamba, pamwamba pamatsiriza. Mbali yoyang'ana dzuwa imayera msanga, ya mthunzi imachedwa. Pansi pa mitengo chipale chimakhala chochepa chifukwa china chimakodwa m'nthambi n'kuuluka ngati nthunzi, komabe chimene chafika pansicho chimatetezedwa ku dzuwa ndi mphepo. Kusiyanasiyana kumeneku ndiko kumatalikitsa nyengo ya madzi, kuti chimene chikadatsika m'sabata imodzi chitsike m'miyezi itatu.

Koma zonsezi ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo lili pansi. Madzi osungunuka ali ndi njira ziwiri: kulowa m'nthaka, kumene amayenda pang'onopang'ono n'kukatulukira m'akasupe m'chilimwe, kapena kuthamanga pamwamba kupita kumtsinje. Amene amasankha njira ndi nthaka, ndipo nthakayo imakhala itagamulidwa kale miyezi isanu m'mbuyomo. Ngati chipale chidagwa msanga ndi chochuluka, chimafunditsa nthaka ngati bulangeti, nthakayo siundana, ndipo imamwa madzi bwino. Koma ngati kudagwa mvula yambiri nyengo yozizira isanayambe, kenaka kuzizira n'kufika, nthaka yonyowayo imaundana n'kulimba ngati simenti. Madzi ogwera pa nthaka yotere ali ngati othiridwa padenga la malata.

Zimenezi zidaoneka poyera mu 1997 pa mtsinje wa Red River, umene uli malire a zigawo za North Dakota ndi Minnesota ku America. Mtsinje umenewu uli ndi zilema ziwiri zobadwa nazo. Choyamba, umayenda pa chigwa chathyathyathya chimene kale chidali pansi pa nyanja yaikulu yotchedwa Agassiz. M'malo ambiri sutsika ngakhale masentimita 10 pa kilomita yathunthu, motero madzi akangotuluka m'khwawa amamwazika kutali. Chachiwiri, umayenda kulowera kumpoto, kukathira m'nyanja ya Winnipeg ku Canada. Kumeneko kufunda kumayambira kumwera, ndiye kuti kumutu kwa mtsinje kumasungunuka kumunsi kukadali kouma gwa. Madzi akamatsika amapeza njira itatsekedwa ndi zibuma za madzi oundana, ndiponso amayendera limodzi ndi kufundako, nalandira madzi atsopano paliponse pamene afika.

Chakumapeto kwa 1996 kudagwa mvula yambiri, nthaka n'kuundana ili yokhuta. Kenaka kudabwera namondwe wa chipale kasanu ndi katatu. Mumzinda wa Fargo mudagwa chipale cha mainchesi 117, pafupifupi mamita atatu, chimene chidali chisanaonekepo m'mabuku awo. Namondwe wotsiriza adafika kumayambiriro kwa Epulo, anthu akuyesa kuti zatha, ndipo pambuyo pake kudafunda mofulumira. Palibe amene adadzidzimuka kuti chigumula chikubwera. Aliyense amachiona chili mbuu m'minda. Funso lidali lakuti chifika pati. Ofesi yoona za nyengo idalengeza kuti pa mzinda wa Grand Forks madzi adzakwera kufika mafiti 49. Anthu adagwira ntchito usana ndi usiku kukweza makoma a dothi ndi matumba a mchenga kuti apitirire muyeso umenewu ndi mafiti ochepa. Madzi adafika mafiti 54 ndi pang'ono. Anthu pafupifupi 50,000 adathawa mumzindawo, ndipo pa 19 Epulo moto udabuka pakati pa tauni yomira, n'kutentha nyumba zikuluzikulu 11, ozimitsa moto akulephera kufikapo chifukwa cha madzi.

Ambiri adawaloza chala akatswiri aja kuti adalakwitsa. Ine sindikuona choncho kwenikweni. Kulosera madzi amene sadafikepo n'kale lonse pa muyeso wotere, pa chigwa chimene misewu ndi milatho imasandutsa njira ya madzi, ndi ntchito imene munthu aliyense angaphonye ndi mafiti asanu. Cholakwa chidali kupereka nambala imodzi yokha ngati kuti ndi lamulo. Anthu adamva 49 n'kuyesa kuti ndiwo malekezero, pamene akatswiriwo amadziwa kuti madzi angathe kuchepera kapena kupitirira. Akadanena kuti mwina 47 mwina 55, ena akadadandaula kuti akatswiri sakudziwa ntchito, komabe ambiri akadakweza katundu wawo padenga. Wophunzira amene amabisa kukayika kwake pofuna kuoneka wodziwa amawapweteka omudalira. Chosangalatsa n'chakuti chichitikire tsoka limenelo ofesi ija idasintha kalankhulidwe, ndipo idayamba kunena mpata umene ulipo wakuti madzi apitirire muyeso wakutiwakuti.

Madzi omwewo adapitirira kumpoto, namwazika m'chigawo cha Manitoba mpaka makilomita pafupifupi 40 m'lifupi, koma mzinda wa Winnipeg udapulumuka. Chidaupulumutsa ndi ngalande. Mu 1950 chigumula cha mtundu womwewu chidathamangitsa anthu pafupifupi 100,000 mumzindawo. Nduna yaikulu ya chigawocho, Duff Roblin, adaumirira kuti akumbe ngalande ya makilomita 47 yolambalalitsa madzi kum'mawa kwa mzinda. Ntchito idayamba mu 1962 n'kutha mu 1968, ndipo idadya madola 63 miliyoni. Otsutsa adamuseka, naitcha ngalandeyo dzenje la Duff. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ine chimene chimandigwira mtima pa munthu ameneyu n'chakuti adalolera kuwononga ndalama ndi mbiri yake pa chinthu chimene phindu lake lalikulu lidadzaoneka iye atachoka pampando zaka makumi atatu.

Ku Red River chipale ndi mdani wobwera kamodzikamodzi. Ku California ndiye mwini moyo. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, chilimwe n'kukhala chouma ngati chathu, pamene minda ya zipatso, mpunga ndi ndiwo zamasamba imafuna madzi m'chilimwemo. Chimene chimalumikiza nyengo ziwirizi ndi chipale cha pa mapiri a Sierra Nevada, chimene chimapereka pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse a madzi amene chigawocho chimagwiritsa ntchito.

Munthu amene adawaphunzitsa kuyeza nkhokwe imeneyi sadali katswiri wa madzi. James Church adafika ku yunivesite ya Nevada mumzinda wa Reno mu 1892 kudzaphunzitsa Chilatini ndi Chijeremani, koma amakonda kukwera phiri la Mount Rose m'nyengo yozizira. Masiku amenewo padali mkangano pa nyanja ya Tahoe. Eni nyumba za m'mbali mwa nyanja amafuna kuti zitseko za damu zitsegulidwe msanga kuopa kumizidwa, pamene ogwiritsa ntchito madzi kumunsi kwa mtsinje wa Truckee amafuna madzi asungidwe. Onse amakangana mumdima, chifukwa palibe amadziwa kuchuluka kwa madzi amene adali kudikira paphiri. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900 Church adakonza chitoliro chachitsulo cha mano kunsonga. Amachizika m'chipale mpaka chigunde nthaka, n'kuchizula ndi chipale cha m'kati mwake, n'kuchikoleka pa sikelo. Kulemera kwake ndiko kumanena madzi, ndipo kuya kwa chipale kumene kumanyenga maso kuja kudasiya kusokoneza anthu. Aphunzitsi anzanga amene amanyoza maphunziro a zilankhulo kuti alibe ntchito aganizirepo pamenepa. Mu 1929 California idakhazikitsa mwalamulo ntchito yoyeza chipale chaka ndi chaka, ndipo ngakhale lero kuli ndege ndi makina oyezera, chitoliro chija sichidatayidwe.

Tsiku lalikulu ndi 1 Epulo, pamene chipale chimakhala pachimake. Muyeso wa nthawi imeneyi umathandiza kugamula kuti alimi alandira madzi ochuluka bwanji, ndipo mlimi amadziwiratu ngati adzale munda wonse kapena ausiye ugone. Pa 1 Epulo 2015 bwanamkubwa Jerry Brown adapita kumalo oyezera otchedwa Phillips Station, pamene zaka zina pamakhala chipale chopitirira mita imodzi ndi theka, ndipo adaima pa udzu wouma. Chiyambire kuyeza pamalopo mu 1941 zotere zidali zisanachitikepo. M'mapiri onse mudali magawo 5 okha pa 100 a chipale cha nthawi zonse, ndipo tsiku lomwelo adalamula kuti mizinda ichepetse madzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu 2023, chipale chidaposa kawiri muyeso wa nthawi zonse. Walira mvula walira matope. Kuchigwa cha San Joaquin kudali kale nyanja yaikulu yotchedwa Tulare, imene anthu a mtundu wa Tachi Yokut amaitcha Pa'ashi. Alimi adaiumitsa popatutsa mitsinje yoithira, nalima thonje ndi tomato pansi pake. Chaka chimenecho nyanja idabwerera, nimiza mahekitala oposa 40,000. Madzi saiwala khwawa. Mwayi udali wakuti miyezi yotsatira idazizirako, chipale n'kusungunuka modekha. Kukadatentha mu Meyi bwenzi nkhani ili ina.

Tsono dziko likutentha. Chiyambire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 latentha ndi digiri yoposa imodzi, ndipo kwa ife digiri imodzi ndi nkhani ya kuvula jekete basi. Paphiri sizili choncho. Pali mzere wosaoneka umene kumunsi kwake kumagwa mvula, kumtunda kwake chipale, ndipo digiri iliyonse imakweza mzere umenewu ndi mamita pafupifupi 150. Popeza phiri ndi lotambalala m'munsi ndi lowonda pamwamba, malo otayika ndi aakulu kuposa m'mene nambalayi ikumvekera. Madzi ogwa m'chaka angakhale ofanana ndi akale, koma ambiri akugwa ngati mvula n'kutsika tsiku lomwelo, ndipo chipale chotsalacho chikusungunuka msanga. M'mitsinje yambiri ya kumadzulo kwa America madzi a chipale akufika sabata imodzi kapena masabata angapo msanga poyerekeza ndi zaka za m'ma 1950. Choopsa koposa ndi mvula yofunda yogwera pa chipale chakupsa, chifukwa mphepo yachinyezi yobwera nayo imasungunula mwamsanga, mtsinje n'kulandira mvula ya lero pamodzi ndi chipale cha mwezi wathunthu. Ndizo zidamiza chigwa cha Yosemite m'masiku oyamba a Januwale 1997.

Alipo amene amati vutoli ndi laling'ono: ngati phiri lasiya kusunga madzi, timange madamu ambiri asunge. Ganizo limeneli si lopusa, ndipo madamu apulumutsa anthu ambiri. Koma damu lili ndi ntchito ziwiri zodana. Kuti liteteze anthu ku chigumula liyenera kukhala ndi malo opanda kanthu m'nyengo yozizira. Kuti lidyetse minda m'chilimwe liyenera kukhala lodzaza. Kale ntchito ziwirizi sizimawombana, poti chipale chimasunga madzi paphiri m'miyezi yoopsa, n'kudzawapereka mu Meyi ndi Juni anamondwe atatha, pamene woyang'anira damu angathe kutseka zitseko mtima uli m'malo. Madzi akamabwera mu Januwale ndi Febuluwale, munthu yemweyo ayenera kuwataya kuopa namondwe wa sabata yamawa, podziwa kuti m'chilimwe adzawalira. Ngakhale damu likule bwanji, funso lakuti atseke liti silichoka.

Akachedwa kutaya, kapena potayira pakalephera, zimakhala ngati za ku Oroville. Damu limeneli, lotalika mamita 235 pa mtsinje wa Feather, ndilo lalitali koposa onse ku America. Mu Febuluwale 2017, mvula yofunda ikukhuthuka pamapiri a chipale, ngalande yake yotayira madzi idabooka. Madzi adakwera mpaka kusefukira pa njira yapadera imene idali isanagwirepo ntchito chimangire damulo mu 1968, nayamba kukokolola phiri pansi pa khoma lake. Pa 12 Febuluwale anthu pafupifupi 188,000 adauzidwa kuti athawe nthawi yomweyo. Damu silidagwe, ndipo ofufuza adapeza kuti ngalandeyo idali ndi zofooka kuyambira pa kamangidwe ndi kasamalidwe kake, motero sitingakankhire zonse ku nyengo. Komabe zofookazo zidakhala zobisika zaka pafupifupi makumi asanu, ndipo nyengo ikamatumiza madzi ambiri nthawi imodzi, madamu okalamba adzayesedwa kawirikawiri.

Ngakhale chitoliro cha Church chayamba kupereka mayankho osakwanira. Kulosera kwake kumadalira mabuku a zaka zapita: chipale chakuti chidabala madzi akuti. Mu 2021 chipale chidali chochepa koma chosadetsa nkhawa kwambiri, ndipo akatswiri adalonjeza madzi molingana ndi mabukuwo. Chipale chidasungunuka, koma madzi ambiri sadafike m'madamu. Nthaka youma ndi chilala cha chaka cham'mbuyo idamwa gawo lake poyamba, mpweya wotentha n'kutenga lina. Yankho lake ndi kuyeza zambiri, nthaka ndi mitengo ndi mphepo, osati kutaya mtima ndi kuyeza. Boma limene limadula ndalama za oyeza mitsinje pofuna kusunga pang'ono, kaya ndi la kumpoto kaya ndi la kuno, limadzalipira ndi milatho.

Ine ndili kumbali ya amene akunena kuti nkhokwe yolowa m'malo mwa chipale ili pansi pa nthaka. Malo osungira madzi m'miyala ndi mumchenga wa pansi pa zigwa za California ndi aakulu kuposa madamu onse a kumeneko, ndipo dzuwa silifikako. Mu Malichi 2023 bwanamkubwa Gavin Newsom adalola kuti madzi osefukira apatutsidwire m'minda mwadala kuti alowe pansi. Otsutsa ali ndi mfundo zawo: si nthaka iliyonse imamwa msanga, si mbewu iliyonse imapirira kumira, ndipo madzi odutsa m'munda wothiridwa feteleza angathe kuipitsa zitsime. Ndikuvomera zonsezo, ndipo n'zofunika kusankha bwino minda yake. Koma cholepheretsa chachikulu ndi khalidwe la anthu. Nkhokwe ya pansi ilibe loko. Kwa zaka zoposa zana aliyense wokhala ndi ndalama zokumbira chitsime chakuya amapopa m'mene angathere, makamaka m'zaka zosowa chipale, ndipo lamulo loyamba loletsa zimenezi m'chigawo chonse lidadza mu 2014.

Dothi la makande likapopedwa madzi limatsendereka, ndipo silitukukanso ngakhale mutathira madzi ochuluka bwanji. Pafupi ndi tauni ya Mendota nthaka idatsika pafupifupi mamita 9 pakati pa 1925 ndi 1977. Tauni ya Corcoran, imene ili m'mphepete mwa nyanja yakale ya Tulare, nayo yakhala ikumira pang'onopang'ono pamodzi ndi khoma ladothi loiteteza. Khomalo adalikweza mu 2017. Chipale chochuluka cha 2023 chili pafupi kusungunuka, adapeza kuti latsikanso, ndipo magalimoto adayamba kututa dothi mwaliwiro kuti alikweze kachiwiri, nyanja ili kale m'minda yoyandikana nalo.